Nsomba Yokhala Mumchere Ili Moyo

Chaka chimene ndinayamba kuyendera bambo wina wachikulire wa mumpingo mwathu ku Govanhill, ndinali nditazolowera kale mdima wa Glasgow, uja umagwa anthu asanaweruke n'komwe. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba cha ku Govan. Kusambitsa anthu, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi, ndiyo ntchito yanga, ndipo sindichita nayo manyazi. Amayi a mumpingo atagwirizana kuti tizisinthana kukawaona bamboyo, ine anandiunjikira masiku ambiri, ati poti ntchito yotere ndimaidziwa. Ndinalongolola, monga mwa khalidwe langa, koma ndinapita.

Mkazi wawo anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, ankakhala kutali ku Mangalande, ndipo pafoni ankawayankha m'Chingerezi cha kuno, chimene mpaka lero chimandidutsa. Bamboyo ankakhala okha pafulati yapamwamba, m'nyumba zakale zamiyala zija, zimene masitepe ake amanunkha chinyontho ndi ndiwo za anthu a mitundu yonse. Miyendo inali itayamba kuwakana, thupi nalo likutha. Mayi wa ku khonsolo amene ankayang'anira nkhani yawo anali atanena mosapsatira kuti ngati akudya, ndipo ngati pali munthu wobwera tsiku lililonse, akhala pakhomo pawo. Akasiya kudya, awatenga. Bamboyo ankadziwa kumene akanawatengera, ndipo anandiuza tsiku loyamba lomwelo.

"Iwe mwana wanga, kumene umagwira ntchito kuja n'kwabwino, sindikukana. Koma ine ndikufuna ndifere pampando uno."

Mpandowo unali utayang'ana thanki yagalasi imene inali pakona, ikuwala buluu, kapampu kake kakung'ung'udza. Ndinasuzumira. Ndinangoona miyala yobookabooka ndi udzu wa m'madzi ukugwedezeka. Ndinati mumtima, bambowa afika poweta madzi tsopano. Kenako tsamba limodzi la udzuwo linatembenuza diso n'kundiyang'ana.

Ndinabwerera chambuyo mpaka kugunda tebulo. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

Inali nsomba, ngati tingaitche nsomba. Kukula kwake kunali ngati chikhatho changa, yophwatalala, yokhala ndi kakamwa kakang'ono kosongoka. Khungu lake linali la mawanga obiriwira ndi ofiirira, lili ndi tinthu tolendewera ngati nsanza. Pamwamba pa maso panali munga umodzi wautali, umene inkaugoneka kapena kuuimika pamene yafunira. Sinkasambira mopinda thupi monga achitira chambo kapena usipa. Thupi linkangokhala gwa, tizipsepse ta pamsana ndi pamimba tokha tikunjenjemera, iyo n'kumayenda pang'onopang'ono, kutsogolo, chambuyo, osatembenuka. Nanga maso! Limodzi linkayang'ana bamboyo, lina likuyang'ana ine. Kwathu ku Dedza cholengedwa chochita zimenezo ndi birimankhwe, ndipo ine birimankhwe ndimamulambalala ngakhale ndakula chonchi.

"Iyi ndi nsomba ya tupa," anatero bamboyo. "Azungu amaitcha choncho m'chinenero chawo, chifukwa khungu lake limapala ngati tupa. Usaiope. Imachita manyazi kuposa iwe."

Anandiuza kuti ali mnyamata anapita ku Beira kukafuna ntchito, n'kulembedwa pa sitima zapamadzi. Nsombayi anaiona koyamba ku Nacala, m'madzi osaya, pakati pa miyala ya m'nyanja yokhala ngati nthambi ija. Anaionanso kutali kum'mawa, pa zilumba zimene mayina ake ine sindinawagwire. Kulikonse kumene nyanja ili yotentha ndi yamchere, ati, iliko, itabisala muudzu. Anzawo a pasitima ankayanika khungu lake, n'kumasalazira matabwa kapena kukhwatchirapo machesi. Pambuyo pake anadzakhazikika kuno, akugwira ntchito kokhoma sitima ku Govan. Mkazi wawo atamwalira, nyumba inati zii, ndiye anakagula thankiyo.

"Kuno kulibe yotere," anatero. "Mumtsinje wathu uwu singathe n'kamphindi komwe. Tonse awiri timadalira hita kuti tifundidwe."

Sindinama, nsombayo sindinaikonde. Masana a m'nyengo yozizira, kunja kutada kale, chipinda chonse chinkangowala ndi buluu wa m'thankimo, nkhope ya bamboyo nayo n'kukhala yabuluu. Ndikamakolopa ndinkamva kuti chinachake chikundiyang'ana kumsana. Ndikatembenuka, osaiona. Ndikayang'anitsitsa, ndiye kuipeza itaima chozondoka, mutu pansi mchira m'mwamba, ikugwedezeka pamodzi ndi udzu. Mtundu wake unkasintha ndikuona. Ikakhala pamwala inkatuwa, ikalowa muudzu inkabiriwira, ndipo pakalowa mlendo m'chipindamo inkayera mbuu, munga uja uli njo. Nthawi zina pampu ikazima pang'ono, munkamveka kaphokoso ngati munthu akukukuta mano kutulo. Bamboyo ankati ndi iyoyo, ikunola mano. Tsiku lina ndinafika m'mamawa nyali ya m'thanki isanayatsidwe, ndipo ndinaipeza italuma nsonga ya mwala, thupi likulendewera. Ndinati yafa. Bamboyo anati ayi, umo ndi mmene imagonera, imaluma kanthu kuti madzi asaikokolole.

Koma ndinaona chinthu chimodzi, ndipo poti ntchito yanga ndi yodyetsa anthu, sindikanachiphonya. Bamboyo ankadya pokhapokha nsombayo ikudya. Ukawapatsa phala uli chiimire, ankalikankha. Koma akatulutsa tinkhanu take m'firiji, n'kutisungunula m'kapu, n'kuponya kamodzi m'madzi, nsombayo inkatuluka mwaulesi, n'kujompha, iwo n'kunyamula supuni. Iyo kamodzi, iwo kamodzi. Ankaiyankhula pansipansi, mawu amene ine sindinkawamva bwino, mwina Chipwitikizi. Mbale inkatha. Mayi wa ku khonsolo akabwera kudzawayeza pasikelo, ankagwedeza mutu mokhutira n'kumapita.

Loweruka ndinkawathandiza kusintha madzi. Pansi pa bedi lawo panali thumba lalikulu la mchere, osati wathu wothira m'ndiwo, koma wogula kusitolo ya nsomba zoweta. Tinkausungunula m'ndowa ya madzi ofunda, iwo n'kuyeza ndi kachipangizo kagalasi, n'kuisiya ndowayo kuti ikhazikike. Ndiye tinkachotsa madzi pang'ono chabe m'thankimo, n'kuthiramo atsopanowo mwakachetechete. Ankandiletsa kuthira mothamanga. Poyamba inenso zinkandidabwitsa. Ife tinabadwira kutali ndi nyanja yamchere, nsomba zathu zonse ndi za madzi akumwa. Koma ndinazolowera, monga umo ndinazolowerera zambiri za dziko lino.

Manong'onong'o anayamba mayi wina wa m'gulu lathu atasesa pansi pa bedi. Lamulungu lotsatira, tikumwa tiyi titatuluka m'tchalitchi, amayi apampando a gulu la amayi anandikokera pambali. Mayi amenewa sindingawanenere zoipa. Ndi amene anandichingamira kubwalo la ndege nditangofika, ndi amene anandipatsa jekete langa loyamba. Ndi munthu wamapemphero, wosatopa, woti ukadwala amafika adokotala asanafike.

"Mayi, inu mumapitako kawirikawiri," anatero. "Thumba la mchere lija pansi pa bedi ndi lachiyani?"

Ndinawafotokozera kuti ndi la nsomba, kuti nsombayo ndi ya m'nyanja yamchere.

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati ndine mwana wonamizidwa. "Inu munaonapo kuti nsomba yothiridwa mchere ili moyo? Nsomba timaithira mchere ikafa. Ngati imeneyo ikukhala mumchere, ndiye kuti inafa kale. Nanga chikuyendetsa thupi lakelo n'chiyani?"

Ndinaseka. Koma mawu amenewo anandikhala. Mawa lake ndikukolopa, ndinayang'ana chinthu chija chitaima chozondoka, thupi lili gwa, diso limodzi lili pa ine, ndipo ndinafulumira kumaliza.

Nkhani inakula. Ati nsomba ya nyanga. Ati imasintha nkhope. Ati bamboyo amadya nayo mbale imodzi, amaiyankhula chinenero chachilendo, ndipo mkazi wawo anafa mosadziwika bwino, pamene tonse tinkadziwa kuti anali ndi matenda a mtima. Mawu akuti ufiti palibe anawatchula, koma ankamveka m'mene anthu ankatsitsira mawu. Ena anayamba kuzemba masiku awo. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndiye pamsonkhano wa amayi ndinaima n'kunena kuti anthu ophunzira, ena anamwino enieni, akuopa kansomba kosakwana n'poto yemwe. Ndinati amene akuopa anene, nditenga masiku ake. Amayi apampando anati palibe akuopa, bamboyo ndi m'bale wathu, ndipo m'bale sitimutaya, timamumasula. Sindinafunse kuti kumasulako n'kutani. Ndinkaganiza kuti akunena za mapemphero.

Tsiku limene bamboyo ankakaonedwa miyendo kuchipatala chachikulu cha ku Govan, ine ndinawaperekeza. Kiyi ndinasiyira amayi apampando, poti anati abwera ndi anzawo kudzachapa makatani. Kuchipatala tinachedwa. Pobwerera kunali kutayamba kuda, kukuwaza kamvula. Anyamata a galimoto ya chipatala anawakweza bamboyo pa kampando konyamulira odwala, ine ndikutsatira pambuyo ndi ndodo yawo.

Tili pakati pa masitepe tinamva nyimbo. Inkatsika kuchokera pamwamba, nyimbo ya kwathu, ya Chichewa, mawu a amayi atagwirizana bwino, ikumveka m'makoma amiyalawo. Tsiku lina lililonse ikanandigwetsa misozi ya chisangalalo. Mmodzi wa anyamatawo anati n'zokoma. Bamboyo anangogwira chitsulo cha kampandoko mwamphamvu, n'kundiyang'ana.

Fulati inali mbee. Makatani ochapa, pansi ponyezimira, fungo la mankhwala okolopera lili ponseponse. Amayiwo anatilandira akumwetulira, manja atatupa ndi madzi. Thanki nayo inali itatsukidwa, galasi lili ngwee, miyala itakwechedwa mpaka kuyera, udzu uja atauzula. Madzi anali oyera kuposa kale lonse.

Nsombayo inali pansi, itagona chammbali pamchenga. Inali yoyera ngati pepala. Munga uja unali utaima. Kakamwa kankatseguka ndi kutsekeka, patalipatali.

Bamboyo anapempha kuti awatsitse pafupi ndi thankiyo. Anyamata aja anawakhazika pampando wawo, n'kutsanzika msangamsanga. Bamboyo anapisa chala m'madzimo, n'kuchiika palilime. Inenso ndinapisa changa. Anali madzi a pampopi, ozizira ngati a m'firiji, opanda mchere n'pang'ono pomwe.

Ndinathamangira kuchipinda. Pansi pa bedi panali posesa bwino, thumba la mchere lija palibe.

"Tautaya," anatero amayi apampando, ali pakhomo la chipindacho. Ankayankhula modekha. "Sitinaiphe, mayi. Sitinaikhudze n'komwe, tinaitunga ndi mbale. Tangoipatsa madzi abwino, amene nsomba iliyonse ya Mulungu imakhalamo. Tinapemphera kuti ngati ili yolengedwa ndi Iye, ikhale moyo."

Zimene ndinawayankha sindingazilembe zonse. Ndinawafunsa ngati Mulungu wawo analenga Nyanja ya Malawi yokha n'kupuma. Ndinawafunsa kuti sitima zimene amaziona pamtsinje apo zimapita kuti, kudambo? Ndinalalata mpaka mayi wa fulati yoyandikana anatsegula chitseko chake. Mmodzi wa amayiwo anayamba kulira. Amayi apampando sanakweze mawu. Anangoloza thankiyo n'kunena kuti, "Taonani nokha mmene yayerera. Yaonekera poyera."

Ndinafuna kuthamangira kusitolo ya nsomba ija, ngakhale inali kutali. Ndinali nditavala kale jekete pamene bamboyo anayankhula koyamba.

"Khala pansi, mwana wanga. Yapita."

Amayiwo anatuluka mmodzimmodzi. Bamboyo anapinda malaya, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kuitulutsa. Anaigoneka pachikhatho. Kumbuyo kwa munga waukulu uja kunali kamunga kena kakang'ono kamene ine ndinali ndisanakaone. Anakadina ndi chikhadabo, munga waukuluwo n'kugona wokha. Kenako ananditambasulira dzanja kuti ndiikhudze. Ndinaisisita ndi chala chimodzi, koyamba. Inalidi yokhakhala. Inali kansomba chabe, kozizira, kopepuka, ndipo ndinalira.

Ndinati tigula ina. Mwana wawo naye pafoni anati agula ina, ngakhale ziwiri. Bamboyo anakana. Anandiuza kuti ndizimitse pampu. Kachipangizoko katasiya kung'ung'udza, m'nyumbamo munagwa bata limene ndinali ndisanalimvepo, loti ndinkamva madzi akuyenda m'mapaipi a anthu apansi.

Kuyambira pamenepo sanadyenso bwino. Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndinapota mbatata, ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaopseza ndi dzina la khonsolo. Ankalandira supuni imodzi kuti andisangalatse, n'kuisunga m'kamwa. Ankakhala pampando paja atayang'ana thanki youma. Amayi a mumpingo ankabwerabe ndi zakudya, poti m'maganizo mwawo ntchito inali itatheka ndipo m'bale anali atamasuka. Bamboyo ankawalonjera mwaulemu, mwadzuka bwanji, zikomo kwambiri, kenako n'kutseka maso mpaka atapita.

Mayi wa ku khonsolo anabwera ndi sikelo yake. Anawayeza, anapita, anadzabweranso. Ulendo womaliza sanagwedeze mutu. Anagwada pafupi ndi mpando n'kuwafotokozera mofatsa, ndipo ine sindingamuimbe mlandu. Anawatsitsa pa masitepe omwe aja, pa kampando komwe kaja. Malo anapezeka kuntchito kwanga, m'chipinda choyang'ana kumene amaimika magalimoto.

Kumeneko ndinkawasamalira ndine ndikakhala pa shifiti. M'mawa wina ndikuwameta ndevu, anandigwira dzanja.

"Ndikapita, pasadzaimbidwe nyimbo."

Ndinaika lezala pansi. Ndinati, "Bambo, musatero. Mukudziwa chimene anthu adzanene. Kwathu maliro opanda nyimbo ndi a munthu amene mpingo wamukana."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna muwapatse umboni?"

"Anaimba kale m'nyumba mwanga," anatero. "Zakwana."

Ndinawachonderera masiku angapo. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe ndi amene ankayambitsa nyimbo pa maliro a Amalawi ambiri mumzinda muno, ndi mawu awo aakulu aja. Sanasinthe. Anauzanso mwana wawo pafoni, m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kuti pasakhale kunamizira kusamva. Anamwalira nyengo yozizira isanathe, masana, ine ndikudyetsa munthu wina m'chipinda chapafupi.

Mwana wawo anabwera, koma anthu a mumpingo sankawadziwa bwino, ndipo Chichewa chake n'chosakwana kukanira amayi. Anandipempha kuti ndikanene ndine. Ndinapita kwa abusa, abusa anapukusa mutu koma anavomera. Ndinapita kwa amayi apampando. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa kuti, "Ananena okha?" Ndinati eya. Anatseka maso, milomo ikuyenda.

Tinawaika pafupi ndi mkazi wawo, kumanda a kum'mwera kwa mzinda. Anthu anabwera ambiri, amayi atavala yunifolomu zawo pansi pa majekete. Abusa anawerenga mawu, anapemphera. Bokosi litayamba kutsika, pamene nyimbo imayambira, panangoti zii. Ine ndinali ndisanaimepo pamanda opanda nyimbo. Zingwe zinkamveka zikukhula m'mbali mwa bokosi. Ankamveka magalimoto kumsewu, ndi mvula pa maambulera. Anthu sankadziwa poika maso. Mayi wina kumbuyo anayamba kung'ung'udza, mwina mosadziwa, poti pakamwa panazolowera. Ena awiri anamutsatira. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana mpaka analeka. Sindinachitepo chinthu chondiwawa ngati chimenecho. Dothi loyamba litagwa pabokosi linamveka kwambiri, moti mwana wawo anadzidzimuka n'kundigwira mkono.

Tikutuluka pageti, ndinamva mawu apansipansi kumbuyo kwanga. Sindinatembenuke kuti ndione mwini wake.

"Mwaonatu. Munthu wa Mulungu angakane nyimbo?"

Palibe amene anamutsutsa. Ine ndinawoloka msewu n'kukwera basi ya ku Govan, poti ndinali pa shifiti yamasana, ndipo chipinda cha bambo aja chinkafunika kuyalula, mukubwera munthu wina.